Mbuzi yavala suti, mwana waphunzira galamala

Tayesani kuuza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuti "mgwirizanitsi ndi kachidutswa ka mawu kamene kamalumikiza dzina ndi mawu ena m'chiganizo." Angokuyang'anani ngati mukumuwerengera bilu ya madzi. Kenako muuzeni kuti, "Mbuzi wanga wavala suti." Aseka, ndipo asanamalize n'kuseka komwe akudzudzulani: "Ayi! Mbuzi yanga yavala suti!"

Taonani zimene zachitika apa. Za sutiyo sanatsutse. Zoti mbuzi ingathe kutchena wazivomera ndi mtima wonse. Chimene wakana ndi "mbuzi wanga" basi. Ndiye kuti lamulo la chiyankhulo mwanayu ali nalo kale m'khutu, chomwe sanamvepo ndi dzina la lamulolo.

Lero ndikufuna ndikukopeni inu amene muli ndi mwana, mng'ono wanu, kaya mwana wa achemwali pakhomo, kuti muyambe kupeka tindakatulo toseketsa. Simukuyenera kukhala mlakatuli wapawailesi. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yopusa bwino imaphunzitsa malamulo a chiyankhulo kuposa tsamba lathunthu la matanthauzo oloweza.

Nkhaniyi si yamasewera okha

Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo mpaka lero mwana wa Sitandade 8 amachilemba pamayeso a PSLCE. Akapita kusekondale amakachipezanso pa JCE ndi MSCE, ndipo mafunso a malamulo a chiyankhulo sasowa. Kuyambira mu 2016, boma lakhala likuyendetsa National Reading Programme pofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 azitha kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi.

Koma pakhomo zinthu zasintha, makamaka m'tauni. Mwana akalira timamupatsa foni, ndipo mufonimo muli makatuni a pa YouTube olankhula Chingerezi chokhachokha. Kunazale amaimba nyimbo za Chingerezi. Masukulu ena apulayiveti amaletsa kulankhula Chichewa ngakhale pa buleki. Sindikunyoza Chingerezi ayi, inenso chimandidyetsa. Chomwe ndikuona n'chakuti pali ana ambiri ku Area 25, ku Chilomoni, ngakhale a abale athu okhala ku Johannesburg, amene Chichewa amachimva bwinobwino koma poyankha amathawira ku Chingerezi. Akayesa kulankhula, chimene chimayamba kuterereka ndi timawu tating'ono togwirizanitsa tija. Mumva "mabuku zanga", "nsapato wanga", "madzi yatha".

Akulu tikamva zimenezi timaseka, kapena kukalipa. Mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi: Chichewa ndi chiyankhulo chimene ukachilankhula anthu amakuseka. Ndiye amatseka pakamwa. Tsiku lina agogo aimba foni kuchokera kumudzi, mdzukulu akungoti "fine, fine" n'kubweza foni. Apa chotayika si malikisi a mayeso okha.

Ndakatulo yoseketsa imatembenuza chisekocho. M'malo moti tiseke mwana, tonse tikuseka mbuzi.

Nyimbo ya Chichewa ili kumayambiriro kwa mawu

Amene tinaphunzira ndakatulo za Chingerezi tinazolowera kuti kukoma kwake kumakhala kumapeto kwa mizere, pamene mawu amamveka mofanana. M'Chichewa zimenezo n'zosavuta mpaka zimafika posakoma, chifukwa mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Kukoma kwenikweni kwa Chichewa kuli kutsogolo kwa mawu. Tamverani: "Chipewa changa chatsopano chija chagwa." Mawu onse akuvina gule mmodzi chifukwa cha dzina loyamba lija. Sintha dzinalo, gule yense asintha: "Zipewa zanga zatsopano zija zagwa."

Kusukulu adatiphunzitsa kuti mayina ali m'magulu: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti ndi Ku-Pa-Mu. Ambirife tinaloweza ngati nambala ya foni. Koma gulu lililonse ndi kamvekedwe kakekake, ndipo ndakatulo ndiyo imachititsa kuti kamvekedweko kafike m'khutu. Nayi imodzi imene ndinapeka:

Mbuzi yanga yavala suti,
yakwera kabaza yokha,
yafika ku banki yatuwa,
yapempha ngongole ya udzu.
Ataifunsa za chikole,
yapereka ndevu zake.

Mwana akaiseka n'kuiloweza, masewera enieni ayambike. Muuzeni kuti mbuzi zija tsopano zilipo ziwiri. Ayamba yekha: "Mbuzi zanga zavala masuti, zakwera kabaza zokha." Chotsani mbuzi, ikani galu: "Galu wanga wavala suti, wakwera kabaza yekha." Ikani dzungu: "Dzungu langa lavala suti, lakwera kabaza lokha." Pamenepa chiseko chimakula, poti dzungu la suti n'loseketsa kuposa mbuzi.

Kenako mutchereni msampha. Ikani mkango. Ayamba bwino, "Mkango wanga wavala suti," poti zikumveka ngati za galu zija, koma pamzere wachiwiri aima kaye. Timati galu yekha, koma mkango wokha. Tikachulukitsa timati agalu anga, koma mikango yanga. Apa mwana wagwira ndi manja ake kusiyana kwa gulu la Mu-A ndi la Mu-Mi, inu musanatchule n'komwe mayina a maguluwo. Msampha wina ndi chule ndi kalulu. Chule akumveka ngati mnzake wa chipewa, kalulu ngati mnzake wa kamwana, komatu timati chule wanga, kalulu wanga, achule, akalulu. Mwana akanena kuti "chule changa" muuzeni abwerezenso mokweza. Nthawi zambiri khutu lake limamukonza lokha.

N'chifukwa chiyani zopusa zimagwira ntchito chonchi? Chiganizo chikakhala chanzeru, monga "Amayi apita kumsika", mwana amangomva uthenga n'kudutsa. Chikakhala chopanda mutu, uthenga sumuthandiza, ndiye chimene chimatsala kuti chigwire chiganizocho ndi kamangidwe kake. Ngakhale akatswiri amachita zomwezo. Pulofesa Sam Mchombo, Mmalawi amene adaphunzitsa ku University of California ku Berkeley, adalemba buku la The Syntax of Chichewa lomwe lidatuluka mu 2004. Ziganizo zake zachitsanzo n'zodzaza ndi anyani, mikango, afisi ndi akalulu akuchita ntchito za anthu. Ngati nyama zophika ndi kulemba zikukwanira m'buku la ku yunivesite, pakhonde panu sizingalephere.

Kakang'ono ndi chachikulu

Chichewa chili ndi njira yosavuta yochepetsera kapena kukulitsa chinthu. Ika ka- kutsogolo, chinthu chichepa: kamwana, kagalu, kanyumba. Zikachuluka ndi ti-: tiana, tiagalu, tinyumba. Ika chi-, chinthu chikula, mwinanso kuopsa kapena kunyansa: chigalu, chinyumba, chimunthu. Ana amazikonda kwambiri zimenezi chifukwa amatha kusewera ndi mawu awo, apa kakung'ung'udza, apa chikubangula.

Kambewa kanga kakang'ono
kanakumana ndi chimphaka chachikulu.
Chimphaka chinati, "Ndikudya!"
Kambewa kanati, "Dikirani, ndiitane anzanga."
Tinabwera timbewa tambirimbiri
titanyamula timbale ndi timasupuni.
Chimphaka chinati, "Mwadzatani?"
Timbewa tinati, "Paja mwati mukudya. Tadzadya nawo."

Lakatulani mizere ya kambewa ndi liwu laling'ono, ya chimphaka ndi liwu lokhuthala. Mwana amva ka-ka-ka, chi-chi-chi ndi ti-ti-ti zikusinthana.

Koma mundakatuloyi mulinso phunziro lina lobisika. Nthabwala yonse yagona pa mawu akuti "ndikudya". Chimphaka chimatanthauza kuti chidya kambewako, ndipo -ku- akuimira "iwe". Kambewa kananamizira kumva kuti chimphaka chili pachakudya, pomwe -ku- akusonyeza kuti ntchito ikuchitika tsopano. Polemba mawuwa ndi amodzi, koma pakamwa timawasiyanitsa ndi mmene timakwezera ndi kutsitsira liwu. Chichewa n'chodzaza ndi zoterezi, ndipo polemba tsiku ndi tsiku sitiika zizindikiro zosonyeza kakwezedwe ka liwu. Mtengo womera ndi mtengo wogulira timaulemba chimodzimodzi. Kulemera kwa thumba la chimanga ndi kulemera kwa munthu wa ndalama n'chimodzimodzinso. Mizere itatu yokha ikwanira:

Ndinafunsa mtengo wa mango.
Mayi wogulitsa analoza kuseri kwa nyumba:
"Ndi uwo apowo, kwerani."

Zimenezi sungaziphunzitse bwino pabolodi. Zimafunika pakamwa ndi khutu, ndipo ndakatulo ndi chinthu cha pakamwa.

Kachizindikiro kamodzi, m'bale wasambitsidwa

Tikamacheza pa WhatsApp timalemba mmene tafunira, ndipo palibe amene amatimanga. Vuto n'lakuti ana akuona Chichewa cholembedwa kwambiri pafoni zathu kuposa m'mabuku. Chimodzi mwa zinthu zimene timaponya kutali ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'nyumba. Tayesani iyi:

Amayi anati, "Tsuka mbale,"
ine ndinamva kuti m'bale.
Ndinagwira mchimwene wanga,
ndamupaka sopo ndi mchenga,
ndamutsukuluza, ndamuyanika pathandala.
Nsima itapsa, mbale zili bii,
koma m'bale ali mbee!

Akatha kuseka, ombani m'manja powerenga maphatikizo. Mba-le, kawiri. M-ba-le, katatu. Kachizindikiro kaja kakutiuza kuti m akuima payekha. Mufunseninso kuti, "Amayi akanati chiyani kuti asasokoneze mwana?" Ayankha kuti akanati "mbale zanga" kapena "mbale yanga", poti m'bale timati wanga. Mwabwereranso kumagulu a mayina osadziwa.

Mawu ena otere alipo ambiri oti mupekerepo. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Kuponya mwala ndi kwina, kuphonya n'kwinanso. Kupala nsomba sikufanana ndi phala la m'mawa. Ka h kamodzi kapena kachizindikiro kamodzi kakasowa, nkhani yonse yapita kwina, ndipo pamene nkhani yapita kwina ndi pamene pali ndakatulo yoseketsa.

Mneni ndi wotanuka ngati legeni

Mneni wa Chichewa amakokedwa. Kuchokera ku "phika" timapeza phikira, phikitsa, phikidwa, phikika, phikirana, phikitsitsa ndi phikaphika. Kusukulu timati misintho ya mneni. Chosangalatsa n'chakuti ngakhale mawu obwereka, amene agogo athu sankawadziwa, akangolowa m'Chichewa amatsatira mwambo womwewo.

Fisi anagula foni mumdima.
Anaitchaja, foni zii.
Anakaitchajitsa kumsika,
anyamata anamutchajira tsiku lonse,
koma foni osatchajika.
Kalulu ataiona anafa nalo phwete:
"Achimwene, mwagulatu sopo!"

M'mizere isanu ndi iwiri muli tchaja, tchajitsa, tchajira ndi tchajika. Funsani mwana kuti ndani anagwira ntchito pamzere uliwonse. Pa "anaitchaja" ndi fisi mwini. Pa "anakaitchajitsa" fisi wapereka ntchito kwa ena. Pa "anamutchajira" anyamata akugwirira fisi ntchito. Pa "osatchajika" palibe amene tikumuloza chala, tikungonena mmene foniyo ilili.

Pali lamulo lina lokongola limene mwana aliyense wolankhula Chichewa amalitsata osaliganizira. Timati phikira, gulira, mangira, koma sekera, gonera, lembera. Mneni akakhala ndi a, i kapena u m'tsinde mwake amatenga -ir-, akakhala ndi e kapena o amatenga -er-. N'chimodzimodzi ndi -its- ndi -ets-: gulitsa koma seketsa. N'chifukwa chake timati "unditchajire" koma "undipostere". Palibe bungwe limene linakhala pansi kugamula za kuposta, pakamwa pathu panagamula pokha. Lakatulani dala molakwika, "Kalulu anamusekira fisi", muone nkhope ya mwana mmene ikwinyikire.

Mvekero, ndiwo zake za Chichewa

Ngati pali chinthu chimene mwana sangachipeze m'makatuni a Chingerezi, ndi mvekero. Awa ndi mawu amene amajambula phokoso, mtundu, mayendedwe kapena kakhalidwe ka chinthu: psuu, bii, mbee, zii, ndwii, chubwi. Munthu wodziwa kufotokoza nkhani pamaliro kapena pabawo amadziwika ndi mvekero. Ndakatulo ya mvekero imakoma mukamasiyira mwana kuti amalize mzere:

Nkhumba inakwera njinga, dzandidzandi.
Inafika pamlatho, cheucheu.
Inaphonya njira, m'madzi chubwi!
Achule onse balala,
asodzi kukamwa yasa.
Nkhumba n'kuvuuka, maso psuu:
"Ndimafuna kusamba kale."

Ulendo wachiwiri imani musanatchule mvekero, iye anene. Ulendo wachitatu asinthe. Bwanji nkhumbayo ikanagwera pamchenga osati m'madzi? Bwanji akanakhala njovu? Nthawi ina ndikulakatula ndakatuloyi kwa mwana wa achemwali anga, yemwe ali Sitandade 2, ndinaika njovu m'malo mwa nkhumba. Anakana kuti njovu singagwe "chubwi" chifukwa chubwi ndi wa zinthu zazing'ono, ndipo anapeka mvekero wakewake wautali umene sindingathe kuulemba. Sindinamukonze. Anali atamvetsa chinthu chachikulu, choti kamvekedwe ka mawu kamanyamula tanthauzo.

Nanga mayeso?

Wina anena kuti, "Zoseka n'zabwino, koma a MANEB safunsa za mbuzi ya suti. Amafunsa kuti tchulani gulu la dzina, tchulani mtundu wa msintho." N'zoona, ndipo mayina a malamulowo mwana ayenera kuwadziwa. Nkhani ili pa choyamba ndi chotsatira. Mwana amene wasewera ndi dzungu langa, maungu anga, akadzamva kuti gululi limatchedwa Li-Ma angoti, "Oho, ndi lija." Dzinalo lapeza pokhala. Amene wayamba ndi kuloweza "Li-Ma" wanyamula chivundikiro chopanda poto.

Komanso izi si zachilendo kwathu kuno. Nthano, ndagi, nyimbo za pamtondo ndi zamasewera a ana zakhala zikugwira ntchito yomweyi kuyambira kale, kubwereza kamangidwe kamodzi ka mawu mpaka kakhazikike. Chasintha n'chakuti madzulo amene ana ankakhala pamoto tsopano aliyense amakhala pafoni. Ndipo Amalawi ndakatulo zoseketsa timazikonda kale. Onani mmene ndakatulo za Robert Chiwamba zimayendera m'mafoni ndi m'maminibasi. Kusiyana kwake n'kwakuti apa omvera ndi mwana mmodzi, ndipo mlakatuli ndinu.

Mmene mungapekere yanu

Sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna mwana amve, kaya ndi gulu la dzina, msintho wa mneni kapena mvekero. Mukaunjika zambiri ndakatulo isanduka homuweki. Tengani nyama kapena chiwiya cha m'nyumba, chipatseni ntchito ya munthu: mthiko ukufunsira ntchito, tambala wachedwa kudzuka, nsapato zakangana. Bwerezani kamangidwe komweko pamzere uliwonse, ndipo mzere womaliza ukhale wodzidzimutsa. Isatalike. Ikhale yoti mutha kuilakatula mukumusambitsa, muli pamzere wodikira minibasi, kapena magetsi atazima.

Muzilakwitsa dala. Palibe chimene chimasangalatsa mwana ngati kukonza wamkulu. Iye akalakwitsa musaime n'kuyamba kulalikira, ingobwerezani mzerewo molondola ngati mukuyimba naye, n'kupitiriza.

Samalani ndi amene akusekedwa. Nthabwala igwere fisi, nkhumba kapena dzungu. Isagwere mwanayo, munthu wolumala, mtundu wa anthu kapena kalankhulidwe ka kwinakwake. Chichewa cha ku Kasungu, cha ku Nsanje ndi Chinyanja cha ku Chipata sizifanana ndendende, ndipo pali mawu amene anthu amawagwirizanitsa mosiyana. Ena amati galimoto yanga, ena galimoto langa. Mwana adziwe kuti pali kalembedwe kamene sukulu imafuna, koma asaphunzire kunyoza mmene agogo ake amalankhulira.

Pomaliza, foni ija imene tikuidandaula igwireni ntchito. Mwana akaloweza ndakatulo, mujambuleni voice note, mutumizire agogo, azakhali kapena amalume. Bandulo yake ndi yochepa kuposa ya vidiyo imodzi ya pa TikTok. Apempheni kuti nawo abweze ndi mzere wawo. Akuluakulu ali ndi mvekero ndi zining'a zimene ife a m'tauni tinaziiwala, ndipo ambiri amangodikira wowafunsa.

Nayi yoti muyambire madzulo ano. Ine ndapeka mizere itatu, yotsalayo mumalize ndi mwana wanu:

Udzudzu wanga watsegula saluni,
waitana nsabwe ndi nsikidzi,
wati kumeta n'kwaulere, koma...

Mukamaliza, chotsani udzudzu muikepo ntchentche. Mumve yekha akusintha mizere yonse.